Mmene Tinawaikira a Chipewa

Anthu a ku Nsaru amatiseka mpaka lero, ati ife a kwa Kathyola tinaika m'manda munthu wa m'bayisikopo. Aziseka, mano ndi awo. Ine Ezeliya ndinalipo kuyambira poyamba mpaka pothira dothi, ndipo ndikuuzeni kuti pamudzi pathu panalibe wopusa, kupatula awiri atatu aja amene mudzi uliwonse umasunga. Tinkadziwa bwinobwino kuti bayisikopo ndi zithunzi zoyenda pansalu. Zimene zinatifikitsa kumanda ndi mwambo, pakamwa panga, ndi liuma la a Chikoti.

Koma mwini nkhaniyi ndi mng'ono wanga Esnart. Mwamuna wake Jonas anapita ku migodi ya ku Joni m'chaka cha 1947. Chaka chotsatira kunabwera kalata yonena kuti mgodi unamugumukira ndipo anamuika komweko. Pamodzi ndi kalatayo kunabwera kasutikesi kamalata, mkati mwake muli bulangete, malaya awiri ndi jekete lakuda lachigamba pachigongono.

Kwathu mkazi akaferedwa, akuchimuna amalira maliro, amaika, anthu amameta, kenako amamusudzula wamasiyeyo kuti akhale mfulu, akafuna akwatiwenso. Woyenera kuyendetsa zonsezi anali a Chikoti, malume ake a Jonas, amene anamulera mayi ake atamwalira. A Chikoti anakana. Tsiku limene tinapita ndi kasutikesi pakhomo pawo anatembenuka n'kuyang'ana kunkhokwe, osafuna ngakhale kukasuzumira.

"Mtembo uli kuti?" anatero, msana ali kwa ife. "Ine chimene sindinachione ndi maso angawa sichinachitike. Kalata ndi pepala, ndipo pepala ine ndimapichirira fodya."

Limeneli linali lamulo lawo pa chilichonse. Ankakana zoti kuli sitima ya pamtunda, ati ndi bodza la anthu ochokera ku Joni lokometsera ulendo. Ankakananso zoti mkazi wawo amawalalatira akatembenuka, poti sanamuonepo akutero. Pa zimenezo tinkaseka. Koma pa za Jonas sitinkaseka, chifukwa zaka zisanu zinatha Esnart wosakhala mkazi wa munthu, wosakhalanso wamasiye. Kuzinamwali sankavina. Pamaliro a anthu ena ankalira mopitirira mpaka eni ake kumutonthoza. Ine zinkandiwawa, ndipo ndikamuona akupukuta fumbi pa kasutikesi kaja ndinkalakalaka kukawagwira a Chikoti pakhosi.

Wina amene zinkamuwawa anali Adamson, mkulu wa adzukulu, anthu amene amakumba manda ndi kuika maliro pamudzi. Adamson ankamufuna Esnart, ndipo mudzi wonse unkadziwa, chifukwa denga la Esnart linkafoleredwa kawiri pachaka pamene la mwini wake linkadontha. Tangoganizani, munthu amene anakumba manda a theka la mudzi, ukwati wake unkalephereka chifukwa chosowa manda amodzi okha. Esnart naye sankamuda, koma sakanavomera asanasudzulidwe.

Ndiye m'mwezi wa Novembala 1953, mvula itatsala pang'ono kuyamba, kunabwera galimoto ya bayisikopo. Inaima pabwalo, dalaivala n'kumanga chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri ya mango. Wotanthauzira anali bambo wina dzina lake a Goodson, wophunzira ku mishoni, wa tayi yofiira ndi nsapato zolira. Dzuwa litangolowa injini inayamba kulira, mudzi wonse uli pansi, amayi uku, abambo uko. A Chikoti anabwera ndi mpando wawo n'kuuika kutsogolo kwenikweni, ati maso awo asanamizidwe ndi mitu ya anthu.

Poyamba anationetsa za kuunda mizere m'minda. Zimenezo tinali titatopa nazo kale kwa alangizi, choncho tinangokamba zathu. Kenako a Goodson anatsokomola m'chimkuzamawu.

"Abale anga, tsopano muona mbiri ya munthu wamkulu. Anali mtsogoleri wa dziko lina la kutsidya kwa nyanja zamchere. Analamulira zaka zambiri, kenako anatula pansi udindo. Muona moyo wake wonse, kuyambira ali khanda."

Dzina lake analitchula katatu, koma linali la mtundu uja umapinda lilime. Ife tinangomutcha a Chipewa, chifukwa kulikonse kumene ankapita ankavala chipewa chachitali ngati mtondo wozondotsa.

Tinayamba kuwaona ali khanda, atawaveka diresi.

"Eti a Goodson, mwati ameneyu ndi mwamuna?" anafunsa mayi wina.

"Mwamuna, mayi. Kumeneko makanda onse amavala choncho."

"Mayo, n'chifukwa chake akuoneka wokwiya."

Tinawaona akupita kusukulu ndi makutu otambasuka. Tinawaona atakwera hatchi, hatchiyo ikuwakana. Tinawaona ku nkhondo, ataima kumbuyo kwenikweni akuloza ndi ndodo, ndipo abambo amene anapita ku nkhondo ya ku Burma anati inde, akuluakulu amaima pomwepo. Tinawaona akukwatira kamayi kowonda, amayi onse n'kugwirizana kuti kameneko sikangasinje. Tinawaona akudula nsalu yabwinobwino ndi sizasi, anthu n'kumawaombera m'manja, ife n'kumakuwa kuti akanatipatsa ife. Kenako imvi zinayamba. Anatula udindo, akutsika masitepe a chinyumba chachikulu, chipewa chili m'manja. Pomaliza tinawaona atakalamba, atakhala pabenchi okhaokha, akuponyera abakha nyenyeswa za buledi.

Apa ndi pamene anthu a ku Nsaru samvetsa. Munthu tinamuona ali khanda, tinamuperekeza kusukulu, tinamukwatitsa, tinakalamba naye. Tinamulera ndi maso. Pofika pa abakha paja sanalinso mlendo, anali a Chipewa athu.

A Goodson anatsitsa mawu. Ntchito yawo ankaikonda, ndipo pamenepa ndi pamene ankaonetsera luso.

"Abale anga, ndi chisoni chachikulu ndikudziwitseni kuti bambo ameneyu anatisiya."

A Chikoti anaimirira, mthunzi wawo n'kuphimba theka la chinsalu.

"A Goodson, kodi munthuyu anali weniweni, kapena ndi zosewera?"

"Weniweni, bambo. Khalani pansi mukutchinga."

"Ndiye wamwaliradi?"

"Onani nokha."

Pachinsalu panaoneka bokosi lokutidwa ndi mbendera, lili pangolo yokokedwa ndi mahatchi asanu ndi imodzi akuda. A Chikoti anavula chisoti chawo n'kuchigwira pachifuwa. "Ndaona," anatero. "Ndaona ndi maso anga. Apita a Chipewa."

Chimene chinatidabwitsa chinali khamu la anthu m'mbali mwa msewu. Anthu ochuluka ngati nyerere, koma wolira panalibe ndi mmodzi yemwe. Angoima, pakamwa atatseka. Kamayi kowonda kaja kakuyenda kumbuyo kwa ngolo, katavala zakuda, popanda woukagwira mkono, popanda wokayambitsira nyimbo.

"Anthu onsewa palibe wolira?" ananong'ona mayi amene anali pambali panga. "Kodi anawalakwira chiyani?"

Amene anayamba anali Esnart. Anaika manja kumutu n'kutulutsa mfuu umene unandilowa mpaka m'mafupa. Ine ndinadziwa pompo kuti mfuu umenewo sunali wa a Chipewa, unali wa munthu amene anakanizidwa kulira kwa zaka zisanu. Koma maliro n'kulirana. Amayi ena anapolokezana naye, agalu n'kuyamba kuuwa, ndipo posakhalitsa bwalo lonse linali chisokonezo.

Ngolo ija inayenda, inayenda, n'kuyamba kukhota pakona. Ikukhota choncho makina anangoti phwa phwa phwa, chinsalu n'kuyera mbee. A Goodson anati tisadandaule, mpukutu wachiwiri watha, aika wachitatu womaliza. Anatsegula chitini chozungulira, anaunika, anatsegula china, anaunikanso. Mpukutu womaliza anali atauiwala ku Lilongwe. M'chitini chake munali filimu yophunzitsa kusambitsa ng'ombe kudibi.

"Basi, abale anga, watha," anatero m'chimkuzamawu. "Mupite bwino."

Adamson anaimirira. "Watha bwanji, a Goodson? Maliro ali pamsewu."

"Iyayi, anaikidwa kalekale. Papita zaka."

Nkhani ikanathera pomwepo, anthu akanapukuta misozi n'kumapita. Koma ine ndi pakamwa pangapa. Ndikulumbira kuti panthawiyo ndinalibe nzeru ina iliyonse, ndinkangofuna kuwabaya a Chikoti pagulu.

"A Chikoti," ndinakuwa, "kodi inu mwaona akuikidwa?"

Anthu onse anatembenukira kwa iwo. A Chikoti anayang'ana chinsalu choyera chija, kenako anayang'ana a Goodson.

"Sindinaone."

"Ndiye?"

"Ndiye sanaikidwe," anatero mwamphamvu. "Kufa ndaona. Bokosi ndaona. Manda sindinaone. Uthenga wa maliro walengezedwa pabwalo pano, tonse taumva, amayi alira. Muno m'mudzi muli maliro, ndipo khasu lisakhudze nthaka mpaka munthuyu ataikidwa."

Amfumu athu anali munthu wofewa, wovomereza aliyense amene wayankhula momaliza. Anati a Chikoti anena zoona. A Goodson anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za kumudzi.

Kutacha tinapeza mvula itagwa, mvula yoyamba yeniyeni, yonunkhiritsa dothi. Dambo la pakati pa ife ndi msewu wa ku Nsaru linadzaza, galimoto ya bayisikopo n'kukanika kuwoloka. A Goodson atatuluka m'galimotomo anapeza masamba atayalidwa pamsewu kusonyeza maliro, anthu a panjinga akutsika n'kumakankha mwaulemu. Anapezanso mphasa itayalidwa pansi pa mango, ikuwadikira iwo.

Nanga tikanapepesa kwa yani? Maliro amakhala ndi mwini wake. Pamudzi ponse munthu amene ankatha kutchula dzina la malemu anali a Goodson okha. Ndi iwo anabweretsa uthenga, ndi iwo ankadziwa sukulu imene anaphunzira ndi dzina la mkazi wake. Anamfedwa anali iwowo basi. Adzukulu anawavula tayi, poti woferedwa satchena, n'kuwakhazika pamphasa.

Amayi tinkabwera pamzere, kugwada, kuomba m'manja.

"Pepani, bambo, ndi zovutazi."

"Mayi, ine munthuyu sindimudziwa!"

"Chisoni chimatero, bambo. Limbani mtima."

"Ndi mzungu! Anafera kutsidya kwa nyanja!"

"Eee, kufera kutali n'kowawa. Kodi anadwala nthawi yaitali?"

A Goodson anatsegula pakamwa kuti akane, koma mbiri ankaidziwa pamtima ndipo lilime linawatsogolera. "Miyezi itatu. Chibayo."

"Mayo ine, chibayo!" Ndipo kulira kunayambiranso.

Pofika masana pambali pawo panali malichero anayi a ufa, maungu ouma ndi nkhuku zisanu ndi ziwiri zomangidwa miyendo. Adzukulu, monga mwa ufulu wawo pamaliro, anagwira nkhuku zitatu n'kuyamba kuwaseka anamfedwa, ati malemu anali ndi chinyumba chachikulu chija koma m'bale wake kumusiya akugona m'galimoto. Dalaivala yekha ndi amene sanadandaule. Anadya chiwindi n'kunena kuti pa midzi yonse imene anayendamo sanaone anthu aulemu ngati ife.

Tsiku loyambalo a Chikoti anali pamwamba. Ankayendayenda ndi ndodo, kudzudzula aliyense woyang'ana kumunda, kuuza anthu ochokera midzi ina mmene a Chipewa ankakondera abakha. Tsiku lachiwiri anayamba kuchepa mawu. A Chikoti anali mlimi wamkulu wa fodya wa chikopa pamudzi pathu. Mbande zawo kunazale zinali zitafika msinkhu, mizere anali ataunda kale, ndipo dothi linali lonyowa bwino lomwe. Fodya amawokeredwa pa mvula yoyamba, ukachedwa dothi likauma mbande zimapserera. Kutsidya kwa dambo anthu a midzi ina tinkawaona atawerama m'minda, akuwokera. A Chikoti ankapita kunazale, manja kumbuyo, kukaima n'kumangoziyang'ana mbandezo ngati mwana woyang'ana mphika wa nyama ya alendo.

Tsiku lachitatu dzuwa linatuluka laukali. A Chikoti anapita pamphasa pa a Goodson n'kukhala pansi moyandikira.

"A Goodson, mpukutu womalizawo ubwera liti?"

A Goodson, ndevu zitamera, anawayang'ana ndi maso a munthu amene wapeza pobwezera. "Galimotoyi ikachoka pano ikupita ku Kabudula, kenako ku Nambuma. Mvula ikalimba sitiyenda. Kuno tidzabweranso mu Epulo."

"Epulo?"

"Mwina Meyi."

"Ndiye munthuyu akhala pamsewu mpaka Meyi?"

"Mwanena ndinu, bambo. Ine ndinati anaikidwa."

A Chikoti anadzuka ngati aledzera. Kubweza mawu sakanatha, poti mudzi wonse unawamva, ndipo akanangoti ndakhulupirira osaona, lamulo lawo la moyo wonse likanathera pomwepo. Anthu nawonso anali atayamba kung'ung'udza, chifukwa aliyense anali ndi chimanga chofuna kubzala.

Madzulo a tsiku limenelo Adamson anabwera kwathu. Anatambasula dzanja n'kutionetsa kanthu kakuda, kotalika ngati chala. Kanali kachidutswa ka filimu kamene makina anadula pamene mpukutu unkatha, ndipo iye anakatola pabwalo. Ukakayang'anitsa kudzuwa unkaona ngolo, mahatchi ndi bokosi, zonse zazing'ono ngati nyemba.

"Ndiwaonetse a Chikoti?" anafunsa.

Apa ndiye nzeru inandibwerera, mochedwa monga mwa masiku onse. "Aonetseni," ndinatero. "Koma akakupemphani kukumba, mukane. Muwafunse funso lawo lija."

Esnart anali pakhonde akusenda nandolo. Ndinaona kuti manja ake aima.

M'mawa wa tsiku lachinayi a Chikoti anaitanitsa msonkhano pansi pa mango. Kachidutswa kaja anali atakaika m'bokosi la machesi, ndipo analinyamula ndi manja awiri.

"Abale anga, ndaganiza mofatsa. Munthu wamkulu ngati uyu sangakhale pamsewu mpaka Meyi. N'zochititsa manyazi. Muno m'bokosimu muli a Chipewa, ndayang'ana kudzuwa ndipo ndawaona. Adzukulu akumbe, tiike lero, mawa aliyense agwire khasu lake."

Adamson anakanda kumutu, nkhope ili gwaa. "A Chikoti, ife adzukulu sitikumba dzenje la mphepo. Mtembo uli kuti?"

"Mtembo uli kutsidya kwa nyanja, iwe. Ukufuna ndikautenge pa njinga?"

"Ndiye zavuta. Chimene sitinachione sitingachikwirire."

"Adamson, usandiphunzitse mwambo, ndinabadwa kale ine!" A Chikoti anamenya ndodo pansi. Akayang'ana kumwamba ankaona dzuwa likuumitsa mizere yawo, ndipo mawu anayamba kuwatuluka ngati madzi a m'ngalande. "Kodi munthu akafera kutali ndiye kuti asaikidwe? Mzimu wake uzingoyendayenda m'misewu ya eni, wopanda pogona? Makolo athu ankati mtembo ukasowa umatenga chake cha munthuyo, kaya nsalu, kaya chibangili, n'kuika m'malo mwake. Amatero kuti wakufa apume, ndi otsala apumenso. Kamayi kowonda kaja kazingoyenda kumbuyo kwa ngolo mpaka liti? Simukukamvera chisoni inu? Munthu wamoyo sungamumangirire ku maliro osatha, imeneyo ndi nkhanza!"

Anamaliza akupuma mwamphamvu, akudikira kuti tiombe m'manja. Palibe anaomba. Anthu onse ankayang'ana kumbuyo kwawo.

Esnart ankabwera kuchokera kunyumba, kasutikesi kamalata kali pamutu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamalire a mthunzi. Anatula, anagwada chammbali monga achitira mkazi kwa apongozi ake, nkhope atayang'ana kumbali. Mwa mwambo akanayenera kuyankhula kudzera mwa munthu wina. Anayankhula yekha.

"Apongozi, mlendo amene sanamwepo ngakhale madzi pamudzi pano mwamumvera chisoni. Ine ndabweretsa za mwana wanu."

Anakankhira kasutikesi patsogolo n'kutsegula chivindikiro.

A Chikoti anafuna kutembenuka ngati kale, ndinaona phewa lawo likuyamba. Koma kumanzere kunali anthu, kumanja kunali anthu, ndipo m'manja anali atanyamula bokosi la machesi. Maso awo anagwera m'sutikesi. Kenako anapereka bokosi lija kwa a Goodson osawayang'ana, anawerama, n'kutulutsa jekete lakuda lija. Analitambasula, anapeza chigamba cha pachigongono n'kuchisisita ndi chala chachikulu.

"Jekete ili ndi langa," anatero, mawu atachepa. "Ndinamuveka ndine pa Nsaru, akukwera lole. Anati amalume kumeneko ati kumazizira. Iye sankafuna kupita. Ndinamuuza ndine kuti pita, amuna anzako akubwera ndi njinga."

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa, ndipo mkwiyo wanga wa zaka zisanu unandithera m'manja. Munthuyu sankakana chifukwa chosakhulupirira kalata. Ankadziwa chimene chinali m'sutikesimo, ndipo ankadziwa lamulo lake lomwe, kuti akangoona ndiye kuti chachitika. Ndinachita manyazi ndi pakamwa panga, koma pang'ono pokha.

A Chikoti anakumbatira jekete lija. "Adamson."

"Wawa."

"Kumbani awiri."

Tinaika masana omwewo. A Chipewa anayamba, poti anali mlendo. Manda awo anali akuya mpaka m'chigongono, ndipo Adamson anawakumba mwaluso lonse, ndi kachipinda kam'mbali komwe. A Goodson, monga mwini maliro, anauzidwa kuti anene mawu. Anayamba monyinyirika, koma pofika pa abakha mawu anawagwira pakhosi, ndipo amayi anagwedeza mitu kuti magazi sanama. Dalaivala analiza hutala katatu.

Kenako tinapita pa manda achiwiri, akuya ngati a munthu aliyense. Tinakulunga jekete, malaya ndi bulangete mumphasa. Apa panalibe woseka. A Chikoti, amene sindinawaonepo akugwetsa msozi ngakhale pa maliro a mlongo wawo, analira mokweza ngati mwana, akuitana Jonas ndi dzina lake laubwana. Esnart analira mpaka mawu anatha, ndipo tsiku limeneli panalibe womuuza kuti wapitirira.

Dambo linaphwa tsiku lotsatira. A Goodson anavala tayi yawo, anakweza nkhuku zinayi zotsala ndi ufa, n'kutiuza kuti akadzabweranso adzangotionetsa za ng'ombe. Anthu anathamangira kuminda. A Chikoti okha sanapite. Anati a Chipewa anali mlendo, koma wachiwiriyu ndi mwana wa m'nyumba, ndipo iwo sagwira khasu mpaka kumeta. Theka la mbande zawo linapserera kunazale. Sanatchulepo za fodya ameneyo ngakhale kamodzi.

Tsiku lometa tinakhala kuseri kwa nyumba ya Esnart. Ndinamumeta ndine. Tsitsi litagwa lonse anadzigwira pamutu n'kunena kuti kamphepo kakumuzizira, kenako anaseka, kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Adamson anali chapatali, akunamizira kukonza mpini wa khasu umene unalibe vuto lililonse.

A Chikoti anabwera nawonso atameta, mutu uli mbuu. Anakhala pansi, osati pampando, n'kuyang'ana kumbali monga mwa ulemu wa apongozi. Anthu akuchimuna ndi ife akuchikazi tinadikira mawu osudzula, amene nthawi zambiri amakhala ataliatali, odzaza ndi miyambi. Iwo anatsokomola kawiri.

"Apongozi, ndinakusungani pamsewu zaka zisanu. Pepani. Kuyambira lero ndinu mfulu."

Anayang'ana tsitsi limene linali pansi.

"Jonas anamwalira," anatero. "Ndaona."